Lipoti la wodwala: chithupsa cha kumatako ndi fistula mwa bambo wa zaka 46 amene ankalandira mankhwala a nthenda ya mudzi

Mmene anafikira

Bambo wa zaka 46, mlimi wa kachewere wa kumapiri m'boma la Dedza, amenenso amapikula mbatata n'kumakagulitsa ku Lizulu ndi ku Lilongwe, anafika kuchipatala atagona chammbali kumbuyo kwa galimoto chifukwa kukhala pansi kunali kosatheka. Amene anayamba kufotokoza ndi mkazi wake: "Adokotala, abambowa mudzi wawavuta. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi osaona tulo." Ululu unali wogunda, chakumanja kwa potulukira chimbudzi, wosaleka usana ndi usiku, ndipo unkakula akatsokomola. Thupi linkatentha, usiku n'kumanjenjemera. Kuchimbudzi anali asanapiteko masiku 4 poopa ululu.

Atafunsidwa mwachifatse, mkazi wake atatuluka panja, nkhani inatalika. Miyezi 8 m'mbuyomo panatupa pamalo omwewo. Anapita kwa sing'anga amene anati ndi likango, anadulapo ndi lezala n'kuthirapo ufa wa mitengo. Mafinya anatuluka, ululu unatha, iye n'kuganiza kuti wachira. Koma kuyambira pamenepo kabudula wamkati ankadetsedwa ndi timadzi tachikasu tonunkha. Pena pankauma kwa milungu iwiri kapena itatu, kenako n'kutupanso, kupweteka, kuphulika kokha, n'kupepukidwa. Kawiri konse anagula amoxicillin n'kumwa masiku atatuatatu. Kamodzi anapita kukiliniki ina kumene anangonena kuti ali ndi mudzi, ndipo anapatsidwa mafuta opaka ndi mankhwala olowetsa kumatako popanda womuvula n'kuona. M'buku lake lakuchipatala munalembedwa mzere umodzi wokha wa tsiku limenelo.

Panalinso vuto lina limene iye sankalisiyanitsa ndi loyambali. Kwa zaka ziwiri ankaona magazi ofiira piriwiri akudontha akangomaliza chimbudzi, popanda ululu, ndipo pochima pankatuluka kanyama kamene kankabwerera kokha akaimirira. Chimbudzi chake chinali chouma, cha kamodzi pa masiku awiri kapena atatu. Chakudya chake paulendo chinali chipisi cha pachiwaya ndi nsima ya ufa woyera, masamba apo ndi apo. Akakwera lole ankachita dala osamwa madzi, ndipo chimbudzi ankachisunga mpaka kukafika. Podzipukuta kumudzi ankagwiritsa ntchito zitsononkho.

Funso la mkodzo ndi limene linatsegula khomo lina. Anati kwa chaka chathunthu amadzuka kanayi usiku kukataya madzi, ludzu silimutha, ndipo lamba wa buluku anaboolanso mabowo awiri. Sankatsokomola, sankatuluka thukuta usiku matendawa asanayambe, sanakhalepo kunyanja, ndipo kubanja kwawo sankadziwa za wina amene anadwala khansa ya m'matumbo. Mpweya ndi chimbudzi ankazigwira bwinobwino. Funso lomalizali liyenera kufunsidwa ndi kulembedwa mpeni usanakhudze malo amenewa, chifukwa likadzafunsidwa opaleshoni itachitika palibe amene angadziwe kuti vuto linayamba liti.

Zimene zinapezeka pomuyeza

Kutentha kwa thupi 38.6°C, mtima ukugunda ka 108 pa mphindi, BP 128/78, kulemera makilogalamu 68. Lilime louma. Mimba yofewa, yopanda chotupa, ndipo m'mphechepeche munalibe mwanabere wodetsa nkhawa.

Anagonekedwa chakumanzere, mawondo atapindira pachifuwa, namwino ali pomwepo, chitseko chotseka, nyali yowala. Malo a zinthu za kumatako timawalemba motsatira nkhope ya wotchi ngati wodwala wagona chagada: 12 koloko ndi kutsogolo, 6 koloko ndi kumbuyo chakumchira, 3 koloko ndi kumanzere kwa wodwala, 9 koloko kumanja kwake. Pakati pa 7 ndi 8 koloko panali chotupa cha masentimita 5 m'litali ndi 4 m'lifupi, chofiira, chotentha, chonyezimira, pakati pake pofewa. Pamwamba pake, masentimita 2.5 kuchokera m'mphepete mwa potulukira chimbudzi, panali chipsera cha lezala ija ndi kabowo kotsekedwa ndi nkhanambo. Khungu silinade, silinkalira tsekeretsekere polidina, ndipo kufiirako sikunafike kumachende. Chala sichinalowetsedwe pa nthawiyi chifukwa wodwala ankalumpha pongomukhudza. Kukakamiza chala pa munthu wotere kumangomuzunza, ndipo chimene ungamve n'chochepa. Kuyeza kwa mkati kunasungidwira kufiyeta.

Magazi anaonetsa Hb (muyeso wa kuchuluka kwa magazi) 11.2 g/dL, maselo oyera 16,800, creatinine (yoonetsa mmene impso zikugwirira ntchito) yabwinobwino. Malungo sanapezeke. HIV anayezedwa atavomera, ndipo sinapezeke. Shuga wa pachala anali 342 mg/dL, mumkodzo munali shuga wambiri koma ma ketone, amene amasonyeza kuti shuga wafika poopsa, munalibe. Munthu amene ali ndi ludzu, kukodzakodza ndi kuwonda, shuga wake n'kupitirira 200 mg/dL pa nthawi iliyonse, ameneyo ali ndi matenda a shuga. Bamboyu anali asanayezedwepo chibadwire.

Zinalembedwa motere: chithupsa cha m'mbali mwa njira ya chimbudzi chobwerezabwereza, mwachidziwikire chokhala ndi fistula (kanjira kochokera mkati mwa njira ya chimbudzi kukatulukira pakhungu) pansi pake, matenda a shuga ongopezeka kumene, mudzi wamkati wofunika kutsimikiza, kutaya magazi kumatako mwa munthu wopitirira zaka 40 amenenso akuwonda, kofunika kufufuzidwa mpaka m'matumbo.

Chifukwa chake makapisozi sanathandize

Njira ya chimbudzi ndi yaifupi, masentimita 3 mpaka 4, ndipo yazunguliridwa ndi minofu iwiri yotseka. Wamkati umagwira ntchito wokha munthu osauuza, ndipo ndi umene umatseka njira tikagona tulo. Wakunja ndi umene timafinya dala tikafuna kudzigwira. Pafupifupi masentimita 2 kuchokera kunja pali mzere wotchedwa dentate line. Kumtunda kwa mzerewu kulibe mitsempha yomva ululu wa kudula, koma kumunsi kwake khungu limamva kwambiri. Pa mzere womwewu pali timaenje tating'ono momwe mumatsegukira timatumba totulutsa chinyezi, ndipo ena mwa timatumbati tinalowa mpaka pakati pa minofu iwiri ija. Kakamwa ka kathumba kamodzi kakatsekeka, tizilombo ta m'chimbudzi timaswana mmenemo, mafinya amasonkhana, kenako amafuna kothawira. Kawirikawiri amatsikira pakhungu la m'mbali mwa potulukira chimbudzi. Nthawi zina amaboola mnofu wakunja n'kukadzaza mafuta a m'kati mwa thako, ndipo pamenepo kunja sikuoneka zambiri ngakhale wodwala akubuula.

M'thumba la mafinya simuyenda magazi, choncho mankhwala akumwa safikamo mokwanira. Amangochepetsa kufiira kwa m'mbali, wodwala n'kuona ngati zikusintha pamene mafinya akufalikira mkati. Chithupsa cha kumatako chimafuna kung'ambidwa tsiku lomwelo chapezeka. Kudikira kuti chipse, monga anthu amachitira ndi chithupsa cha pamkono, n'kolakwika pamalo amenewa, makamaka kwa wodwala shuga kapena amene chitetezo chake chatsika ndi HIV. Mwa anthu oterewa matenda amatha kuyenda pansi pa khungu m'maola ochepa n'kuwoletsa machende ndi khungu la pamimba, kumene kumatchedwa Fournier's gangrene, ndipo kumapha. Zizindikiro zake ndi ululu woposa zimene maso akuona, khungu lakuda kapena lotuwa, fungo la chowola, ndi kulira kwa mpweya pansi pa khungu polidina.

Opaleshoni yoyamba

Anaikidwa diripi ya normal saline, lita imodzi m'maola awiri oyamba. Insulin ya soluble inaperekedwa motsatira shuga woyezedwa pa maola 4 aliwonse. Analandira ceftriaxone 2 g kamodzi pa tsiku ndi metronidazole 500 mg pa maola 8 aliwonse, zonse za mumtsempha. Munthu wathanzi amene chithupsa chake n'chaching'ono ndipo thupi silikutentha safunika mankhwala amenewa akang'ambidwa. Uyu anafunika chifukwa cha shuga, kutentha thupi ndi kufiira kofalikira. Shuga sanadikiridwe kuti atsikiretu, chifukwa satsika mafinya ali mkati.

Masana omwewo analowa kufiyeta, anabayidwa jakisoni wadzanzi wapamsana, n'kugonekedwa chagada miyendo ili m'mwamba. Jakisoni wadzanzi wa lignocaine wobaya pamalo pomwepo sagwira bwino pa mnofu wodzaza mafinya, ndiponso salola kuyeza mkati bwinobwino. Chala chinalowa mpaka kumapeto kwake: munalibe chotupa cholimba, prostate (kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo) inali yabwino, kumtunda kwa minofu kunali kofewa mbali zonse, kusonyeza kuti mafinya sanakwere kapena kuzungulira kumbuyo kupita ku thako linalo. Proctoscope, kachipangizo kounikira mkati mwa njira ya chimbudzi, inaonetsa mudzi wamkati pa 3 ndi pa 11 koloko. Chotupa chija chitadinidwa kunja, kadontho ka mafinya kanatumphuka m'kaenje ka pa 6 koloko, pa dentate line penipeni. Apo ndiye panali gwero.

Anachekedwa pamalo pofewa, motsata mzere wochokera potulukira chimbudzi kupita kunja, pafupi ndi m'mphepete mmene kungathekere popanda kukhudza mnofu. Kuyandikitsa chotere kumathandiza kuti fistula ikadzatsala ikhale yaifupi. Kachikopa kooneka ngati tsamba kanachotsedwa kuti bala lisatseke msanga pamwamba. Panatuluka mafinya okwana mamililita 60, ndipo ena anatumizidwa ku labu. Chala chinalowetsedwa m'phangamo kuswa timakoma mofatsa, ndipo mkati munatsukidwa ndi saline mpaka madzi kuyera. Kansalu ka gauze kanaikidwa mopanda kupanikiza, kongoletsa magazi, koti kachotsedwe mawa lake.

Kachitsulo kofufuzira njira sikanalowetsedwe, ngakhale kuti khomo lamkati la fistula linaoneka. Minofu ikatupa imakhala yofewa ngati yowola, ndipo kachitsulo kamaboola paliponse pamene wakakankhira. Zikatero umapanga njira yatsopano imene kunalibe, mwina yokwera kudutsa mnofu wonse, ndipo fistula yosavuta imasanduka ya zaka. Komanso pa nthawi yotupa n'kovuta kudziwa kuti mnofu umene uli pansi pa njirayo ndi wochuluka bwanji. Tsiku limenelo ntchito inali yotulutsa mafinya basi.

Usiku womwewo wodwala analephera kukodza, chikhodzodzo chinafika pafupi ndi mchombo. Paipi ya mkodzo imene anaikidwa inatulutsa mamililita 700 ndipo inachotsedwa m'mawa. Izi zimachitikachitika pambuyo pa jakisoni wapamsana ndi opaleshoni ya kumatako, makamaka diripi ikachuluka, choncho namwino wausiku azigwira chinena m'malo mongofunsa za ululu. Tsiku lachiwiri thupi linazizira. Pa ululu ankamwa paracetamol 1 g pa maola 6 aliwonse ndi ibuprofen 400 mg katatu pa tsiku atadya, kwa masiku 5. Codeine ndi tramadol zinapewedwa chifukwa zimadzimbitsa. Lactulose 15 ml kawiri pa tsiku inayamba tsiku lomwelo la opaleshoni. Chimbudzi choyamba chimaopsa wodwala aliyense, ndipo akachisunga chimauma n'kudzang'amba bala.

Anatuluka tsiku lachinayi ndi ciprofloxacin 500 mg kawiri pa tsiku ndi metronidazole 400 mg katatu pa tsiku zokwanitsa masiku 7, atachenjezedwa kuti metronidazole sayenderana ndi mowa ngakhale pang'ono. Pa shuga anayamba metformin 500 mg kawiri pa tsiku ndipo analembetsedwa kukiliniki ya shuga, kumene pambuyo pake anakweza metformin kufika 1 g kawiri pa tsiku n'kuwonjezera glibenclamide 5 mg m'mawa. Za bala anaphunzitsidwa pamodzi ndi mkazi wake: kukhala m'beseni la madzi ofunda oyera mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu pa tsiku ndiponso akangochoka kuchimbudzi, kuumitsa modinadina ndi kansalu koyera, n'kuika gauze wouma. Mchere ukhale wochepa kwambiri ngati akufuna kuthira. Jik, spirit ndi ufa wa mitengo zisayandikire. Anauzidwanso mosabisa kuti mwa anthu atatu ong'ambidwa chithupsa chotere, pafupifupi mmodzi amatsala ndi fistula, ndipo kuti iye mwachidziwikire ali nayo kale.

Fistula

Patapita milungu 8 bala linali litachepa n'kutsala kabowo kolowa mutu wa machesi, kokhala ndi kanyama kofiira pakamwa pake, kotuluka timafinya podina. Pansi pa khungu pankamveka kachingwe kolimba kolowera chakumbuyo. Shuga wa m'mawa asanadye anali 138 mg/dL, thupi litawonjezera makilogalamu 3.

Fistula ya kumatako ndi kanjira ka makomo awiri, lina mkati mwa njira ya chimbudzi, lina pakhungu. Ili ngati una wa mbewa wokhala ndi mbuli: kutseka kunja sikuthetsa kanthu khomo linalo lili pululu. Chimbudzi chikamadutsa, tizilombo timalowa pa khomo lamkati tsiku ndi tsiku, ndipo n'chifukwa chake pakhungu pakauma m'pamene pamatupanso. Wodwalayu ndi mkazi wake anafunika kufotokozeredwa kuti iyi ndi yosiyana ndi fistula ya amayi yobwera pobereka, chifukwa dzinalo linawadzidzimutsa.

Lamulo la Goodsall limathandiza kulosera kumene khomo lamkati lili. Ukajambula mzere wopingasa kuchokera pa 3 kufika pa 9 koloko, kabowo kakunja kamene kali kutsogolo kwa mzerewo kamakonda kulowa molunjika, pamene kamene kali kumbuyo kamakhota n'kukatsegukira pa 6 koloko. Lamuloli limaphonya, makamaka kabowo kakakhala kutali kuposa masentimita 3, koma pano linagwirizana ndi zimene zinaoneka pa opaleshoni yoyamba.

Kufiyeta, atabayidwanso wapamsana, hydrogen peroxide wosungunula anapoperedwa pang'ono m'kabowo kakunja, proctoscope ili mkati, ndipo thovu linatulukira pa 6 koloko. Kachitsulo kofewa kanalowetsedwa mongokatsogolera ndi zala ziwiri, osakankha, mpaka kanatulukira pa khomo lamkati. Apa ndi pamene pagona opaleshoni yonse: chala chimodzi chili mkati, umamva kuchuluka kwa mnofu umene uli pakati pa kachitsulo ndi khungu, ndiponso umene watsala kumtunda. Parks ndi anzake mu 1976 anagawa fistula m'magulu anayi potengera mmene yadutsira minofu: yoyenda pakati pa minofu iwiri, yoboola mnofu wakunja, yokwera pamwamba pa mnofu wakunja, ndi yodutsa kunja kwa minofu yonse. Ya bamboyu inaboola mnofu wakunja chakumunsi kwenikweni, mnofu wokhudzidwa wosafika gawo limodzi mwa magawo anayi.

Choncho inang'ambidwa motsata kachitsulo kuchokera khomo lakunja mpaka lamkati, njirayo n'kusanduka ngalande yotseguka. Pansi pake panapalidwa ndi kachitsulo kopalira kotchedwa curette, m'mbali mwa khungu munadulidwa kuti bala likhale lotambasuka, ndipo silinasokedwe. Zopalidwazo zinatumizidwa kukayezedwa TB ndi makina a GeneXpert komanso kukaunikidwa ku labu ya minofu. Zotsatira zinaonetsa kutupa wamba, popanda TB kapena khansa. Kuno kwathu, kumene TB ndi HIV zili pakati pathu, fistula ya makomo ambiri, ya mafinya amadzimadzi, kapena yokana kupola iyenera kuyezedwa chotere nthawi zonse.

Zikanakhala kuti mnofu wokhudzidwa ukupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena wodwala ndi mayi amene fistula yake ili kutsogolo kumene mnofu ndi wopyapyala ndipo mwina unang'ambikapo pobereka, kapena munthu amene amalephera kale kugwira mpweya, sikukanadulidwa. Pamenepo pamalowetsedwa seton, ulusi wa nylon wokhuthala kapena kalabala kodutsa m'njiramo n'kumangidwa kunja molekerera, kuti mafinya azituluka, ndipo wodwala amatumizidwa kwa madokotala a opaleshoni ku chipatala chachikulu. Fistula yotsala ikhoza kudzachitidwanso chaka chamawa, koma mnofu wodulidwa mopyola muyeso subwerera, ndipo munthu amene akudziipitsira amasiya kupita kumsika, kutchalitchi ngakhale kumaliro.

Pa mlungu wachiwiri fistula ya bamboyu itang'ambidwa panapezeka vuto limene limabwezeretsa fistula kawirikawiri. Khungu la mbali ziwiri linali litayamba kugwirana pamwamba, pansi pali mphako. Mkazi wake anati, "Ndimaopa kuwapweteka, ndiye ndimangopukuta pamwamba." Kamlatho kakhunguko kanalekanitsidwa ndi chala cha golovesi atapaka lignocaine gel, ndipo mayiyo anaonetsedwa mmene angayendetsere gauze wonyowa pansi pa ngalande kamodzi pa tsiku, kuchokera mkati kupita kunja. Bala lotere liyenera kudzaza kuchokera pansi. Linapola pa mlungu wa 7, ndipo mpweya ndi chimbudzi ankazigwira monga kale.

Magazi aja

Mudzi unaoneka ndi maso, koma kuona mudzi sikutanthauza kuti magazi onse akuchokera pamenepo. Anthu ambiri ali ndi mudzi, ndipo khansa ya thumbo lakumapeto imatha kukhala masentimita ochepa kumtunda kwake. Munthu wopitirira zaka 40 wotaya magazi, kapena wa msinkhu uliwonse amene magazi ake ndi akuda kapena osakanikirana ndi chimbudzi, amene chimbudzi chake chasintha kwa milungu yoposa 6, amene amamva ngati sanamalize, amatuluka zonanda, akuwonda kapena magazi achepa m'thupi, ayenera kulowetsedwa chala ndi kuunikidwa m'matumbo. Kuno khansa imeneyi timaiona ngakhale mwa anthu a zaka za m'ma 30, ndipo ambiri amafika atapaka mafuta a mudzi miyezi yambiri. Bamboyu kuwonda kwake kukanatha kukhala kwa shuga, koma sizinasiyidwe pa kuganizira. Anatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital kukaunikidwa matumbo, ndipo sikunapezeke china koposa mudzi. Chimbudzi chake chinayezedwanso mazira a njoka ndi likodzo. Kwa odwala ochokera kumunsi kwa phiri, monga ku Mtakataka ndi ku Golomoti, likodzo la m'matumbo lisaiwalike, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel 40 mg pa kilogalamu iliyonse.

Mudzi weniweni ndi timapilo ta mitsempha ta m'njira ya chimbudzi timene aliyense anabadwa nato, pa 3, 7 ndi 11 koloko. Timathandiza kutseka njira kuti mpweya usapulumuke. Kuchima, kunjuta nthawi yaitali, kudzimbidwa ndi pakati zimatitupitsa n'kutitsetsereza pansi. Gawo loyamba umangotaya magazi osatuluka. Lachiwiri umatuluka pochima n'kubwerera wokha, monga wa bamboyu. Lachitatu umafuna kubwezedwa ndi chala, ndipo lachinayi subwereranso. Popeza umayambira kumtunda kwa dentate line, mudzi wamkati supweteka pokhapokha utapanikizika kunja kapena magazi ataundana. Wodwala akati "mudzi ukundipweteka", ganizani kaye za zinthu zitatu: chithupsa, kung'ambika kwa khungu la potulukira chimbudzi, kapena magazi oundana pansi pa khungu lakunja. Chomalizachi chimaoneka ngati kambulu kolimba kobiriwira kotulukira mwadzidzidzi. Akafika pasanathe maola 72 kamadulidwa n'kuchotsedwa ndi lignocaine, ululu n'kutha pomwepo. Akachedwa, mankhwala a ululu ndi beseni zimakwana, kamaphwa kokha.

Kung'ambika bamboyu analibe, koma ndi kumene kumasokonezedwa ndi mudzi koposa zonse. Wodwala amati chimbudzi chikamatuluka amamva kucheka, kenako kuwotcha kwa ola limodzi kapena kuposa, ndi kamzere ka magazi pa chopukutira. Kuti muone, ingotambasulani matako mofatsa: kabala kamakhala pa 6 koloko mwa anthu ambiri, pa 12 koloko mwa amayi ena ongobereka kumene, nthawi zina ndi kachikopa kolendewera kunja kwake kamene achibale amakatcha likango n'kufuna kukadula. Mnofu wamkati umakhala wokungika, magazi safika bwino pabalapo, ndiye silipola. Kufewetsa chimbudzi, lignocaine gel asanapite kuchimbudzi ndi beseni la madzi ofunda zimachiritsa kwatsopano kochuluka. Kukapitirira milungu 6, mafuta a glyceryl trinitrate 0.2% kapena diltiazem 2% amapakidwa kawiri pa tsiku kwa milungu 6 mpaka 8. Oyambawo amapweteketsa mutu, ndipo wodwala akapanda kuuzidwiratu amawasiya tsiku lachiwiri. Zikakanika, mnofu wamkati umadulidwa pang'ono chammbali, osapitirira kutalika kwa kabalako. Kutanula njira ndi zala zinayi monga ankachitira kale kumang'amba minofu mosadziwika muyeso, ndipo kuyenera kusiyidwa. Kabala ka m'mbali, kapena tambirimbiri, kapena kosapweteka, kamafuna kuyezedwa HIV, chindoko, TB ndi khansa.

Pa mudzi wa bamboyu panayamba ndi mbale. Malangizo a m'mabuku ndi magalamu 25 mpaka 30 a zakudya za gaga pa tsiku, koma wodwala samva magalamu. Anauzidwa kuti nsima ikhale ya mgaiwa, mitanda yochepa chifukwa cha shuga, ndiwo zamasamba monga chisoso, bonongwe, nkhwani kapena mpiru zichuluke kuposa nsimayo, nyemba kapena khobwe kangapo pa mlungu, ndiponso gwafa kapena chidutswa cha papaya. Madzi malita awiri pa tsiku, botolo lili m'manja ngakhale pa lole. Chimbudzi chikamuitana apite, asapitirire mphindi 5 atanjuta, asachime, ndipo adzitsuke ndi madzi m'malo mwa chitsononkho. Mafuta opaka okhala ndi steroid amachepetsa kuyabwa kwa masiku ochepa, koma akapitirira mlungu umodzi amapyapyaletsa khungu, ndipo sabweza mudzi.

Magazi anachepa koma sanathe. Patapita miyezi 3 fistula itapola, shuga wa m'mawa ali 124 mg/dL, mudzi wa pa 11 koloko unamangidwa kalabala. Sipafunika dzanzi. Proctoscope imalowetsedwa, mudzi umakokedwera m'kachipangizo pamalo a sentimita imodzi kapena ziwiri kumtunda kwa dentate line, ndipo kalabala kasanatulutsidwe wodwala amafunsidwa ngati akumva kutsina. Akamva, ndiye kuti mwagwira mmunsi, siyani mukwere. Kalabala koikidwa pakhungu lomva kamabweretsa ululu woopsa nthawi yomweyo ndipo kayenera kudulidwa. Mwa wodwala shuga ndi bwino kumanga umodzi pa ulendo. Mudzi wa gawo lachitatu waukulu ndi wa gawo lachinayi umafuna kudulidwa kufiyeta mwa njira ya Milligan ndi Morgan ya mu 1937, posiya timilatho ta khungu pakati pa mabala kuti njira isadzaphinjike pochira.

Anauzidwa kuti amva kulemera ngati akufuna chimbudzi kwa tsiku limodzi kapena awiri, kuti kanyamako kadzathothoka pakati pa masiku 5 ndi 10, ndipo kuti timagazi pang'ono pa nthawiyo si vuto. Asamwe aspirin kwa milungu iwiri, ndipo asanyamule matumba a mbatata mlungu woyamba. Magazi a mibulu, kapena ululu wokulirakulira pamodzi ndi kutentha thupi ndi kulephera kukodza, abwere usiku womwewo osadikira tsiku la kiliniki, chifukwa zitatuzi zikabwera pamodzi zimasonyeza kuti matenda alowa m'chiuno. Wa pa 3 koloko unamangidwa patapita milungu 6. Pa ulendo wotsatira Hb inali 13.1 g/dL, magazi anali atasiya, ndipo pa chipsera cha fistula panali pouma, popanda kachingwe pansi pake. Anapatsidwa tsiku lodzaonedwanso pakatha miyezi 6, lolingana ndi tsiku lake la kukiliniki ya shuga kuti asalipire ulendo kawiri.